Gologolo Amasulira Chidokowe

Chinali chaka china, nyama zisanaleke kuyankhula, pamene mvula inangopita osatsanzika. Mitsinje inasanduka misewu ya mchenga, udzu unkathetheka wokha, ndipo dzuwa linkaswa mtengo kuyambira m'mamawa. Madzi okhawo amene anatsala m'chigwa chonse anali m'mphako ya mlambe waukulu. Nyama zinasankha Njati kuti aziwasunga, ndipo iye ankawagawa ndi chigoba cha nkhono, chimodzi pa mutu uliwonse, kaya ndiwe mbewa kaya ndiwe njovu.

Pa onse ovutikawo, wodandaula kwambiri anali Gologolo, ngakhale mimba yake inali yochepa ngati chibakera cha khanda. Ndinene poyera, ine Gologolo sindimukonda. Ndi kanyama kodya ndi manja awiri, maso ali pa chakudya cha mnzake. Masiku amenewo nthiti zake zinkawerengeka, mchira utathothoka, koma lilime lokha ndiye linali lisanaonde.

Tsiku lina kudambo louma kunatera gulu la Adokowe, mbalame zamiyendo yaitali zochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Njati atamva, anadzuka msangamsanga.

"Anthu awa amayenda mumlengalenga," anatero pamaso pa nyama zonse. "Dziko lonse amaliona ngati mphasa yoyala. Ngati kwinakwake kwatsala madzi, iwo akudziwa. Tiwaitane pa msonkhano, tiwalandire mwaulemu, tiwafunse."

Zonse zinavomera. Koma vuto linali limodzi: Adokowe ankayankhula Chidokowe, chiyankhulo chogogoda milomo, ndipo m'chigwamo munalibe wochidziwa. Apo ndi pamene Gologolo anatsetsereka mu mtengo, n'kugwada pamaso pa Njati.

"Akuluakulu, musavutike muli ndi mwana wanu pano. Ine ndinakulira m'nthambi, khomo loyandikana ndi ampheta. Chimbalame ndimachiyankhula ngati ndinachiyamwa."

Apa sananame kwambiri. Chiyankhulo cha ampheta ankachidziwadi, ndipo Chidokowe chinkafanana nacho monga mmene ziyankhulo za mitundu yoyandikana zimafananirana. Zambiri ankamva, zina n'kumangolota.

"Koma ntchito iyi ndi ya pakhosi," anapitiriza. "Pakhosi pa womasulira pakauma, msonkhano wafa. Ndizimwa ndisanayankhule, ndizimwanso ndikayankhula. Ndipo mtedza uja munasungira ana, kagawo kena kazibwera kwa ine, mpaka tsiku lomwe msonkhano udzathe."

Njati anapukusa mutu, koma akanatani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavomera.

Nyama zinasesa pansi pa mlambe, zinayala mikeka, zinakangana za woyenera kukhala kutsogolo mpaka Nyani ndi Nguluwe anatsala pang'ono kugwirana pakhosi. Kenaka Gologolo anapita kudambo kukatenga alendo. Anabwera nawo akuyenda patsogolo, chifuwa chili patali, Adokowe akumutsata mwakachetechete. Mtsogoleri wawo anali Dokowe wamtali kuposa onse, wa mlomo wong'aluka kunsonga, wosakonda mawu ambiri.

Njati anayamba malonje. Anatchula makolo ake, anatchula mvula za kale, anathokoza alendo chifukwa cha ulendo wautali, kenaka n'kufika pa nkhani ya ludzu. Gologolo anamasulira zonsezo mwachidule. Dokowe sanadikire n'komwe kuti amalize. Anagogoda mlomo mofulumira, n'kuloza phiri lamiyala limene linali chakum'mawa.

"Auze asataye nthawi," anatero m'Chidokowe. "Kuseri kwa phiri ilo kuli dziwe lalikulu. Pakati pa matanthwe pali kampata kosaoneka ukakhala pansi. Anyamuke pompano, tiwalondolera."

Gologolo anamva liwu lililonse. Anayang'ana nsengwa ya mtedza imene inali isanakhudzidwe, anayang'ana chigoba chake cha madzi, n'kuona kuti akangonena zoona, msonkhano utha iye asanatafune kanthu. Anatsokomola, n'kumwa kaye.

"Akuti chiyani?" anafunsa Njati, khosi lili patsogolo.

"Akuti zikomo kwambiri chifukwa cha mawu okoma. Akuti atopa, ndipo kwawo nkhani ya madzi sakamba tsiku lofika, n'kulaula."

"Nanga phirilo akulilozeranji?"

"Akuti kuseri uko musayerekeze dala kupondako. Kuli mliri, aona mitembo yokhayokha."

Nyama zinati "Hii!" zonse pamodzi, zina n'kufulatira phirilo.

"Chinanso," anawonjezera Gologolo, "akuti kwawo mlendo sadya ndi pakamwa pake pamaso pa eni mudzi. Monga mawu awo akudzera mwa ine, chakudya ndi madzi awo zizidzeranso mwa ine."

"Miyambo ya anzathu!" anadabwa Njati. "Chabwino, mlendo sam'tsutsa."

Ndiye Gologolo anatembenukira kwa Dokowe ndi nkhope yaulemu. "Eni dziko akuti amva. Koma kuno ulendo sauyamba mpaka wamkulu aliyense atayankhulapo, ndipo mlendo akafulumiza eni ake, ndiye kuti wawatukwana."

Dokowe anayang'ana khamu la nyama zowondazo, n'kudabwa. "Akufa ndi ludzu koma akufuna kuyankhula kaye? Chabwino, dziko ndi lawo. Tidikira."

Tsiku limenelo Gologolo anadya gawo lake, n'kudyanso la alendo onse. Adokowe anabwerera kudambo kukatola tiziwala ndi abuluzi owonda, akumadabwa kuti dziko ili ndi lotani lopanda ngakhale madzi opatsa mlendo.

Msonkhano unapitirira. Kunkacha, wina n'kuimirira kuyankhula, Gologolo n'kumasulira zake zam'mutu, kenaka kudya. Njovu akanena za ludzu, Adokowe ankamva za mbiri ya minyanga. Dokowe akanena kuti "Tiyeni tizipita," nyama zinkamva kuti alendo apempha kuti a Nguluwe abwerezenso mawu awo a dzulo, anakoma. Ubweya wa Gologolo unayamba kunyezimira, mchira unaphukanso, masaya anatuluka. Madzi a m'mlambe ankatsika, ndipo Njati anayamba kugawa theka la chigoba.

Pakati pa khamulo panali Nswala ndi mwana wake woyamba, wobadwa m'chilala momwemo. Kamwanako kanali kamiyendo ngati mapesi, ndipo chigawireni theka la chigoba, mawere a mayi ake anauma. Nswala ankakagoneka pa mthunzi wa mlambe, pafupi ndi mikeka ya alendo, n'kumakanyambita pamphumi ndi lilime louma. Anadikira akuluakulu, anadikira, mpaka tsiku lina ulemu unamuthera. Anadutsa pakati pa bwalo a Nyani akuyankhula, n'kukagwada pamapazi a Dokowe.

"Pepani alendo, ine si wamkulu, ndilibe mpando pano. Koma taonani mwanayu. Ngati mukudziwa kumene kuli madzi, ngakhale a matope, ndiuzeni ine ndekha, ndipita. Ndagwira mwendo wanu."

Misozi inali isakutuluka n'komwe, m'thupi munalibe madzi oti n'kulira nawo. Dokowe anaweramitsa khosi. "Akuti chiyani mayiyu?"

"Akukuimbirani nyimbo yokulandirani," anayankha Gologolo. "Kuno nyimbo zaulemu amaimba chogwada, mawu akunjenjemera."

"Nyimbo kapena ayi, mwana uyo akufa. Muuze adzuke, ndimuperekeza ine ndekha pompano. Enawo atsale ndi zoyankhula zawo."

Apa Gologolo anaona kuti kamwanako kamuwonongera ntchito, chifukwa kankayankhula chiyankhulo chosasowa womasulira. Anagwetsa nkhope ngati wamva chisoni.

"Mayi, ndikuchita manyazi kubwereza. Akuti mwana wanuyo akuwasokoneza ndi kubuula kwake. Akuti mumuchotse pano, apo ayi anyamuka lero lomwe osanena kanthu."

Mawu anayamba uku ndi uku m'bwalomo: "Mchotseni, mayi! Mutiphetsa tonse!" Nswala anayang'ana Dokowe m'maso, osamvetsa kuti nkhope yofatsa chotero ingatulutse bwanji mawu otere. Anadzutsa mwana wake, n'kupita naye kunja kwa bwalo, pansi pa kamtengo kopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Madzulo ake Nswala anamupeza Gologolo atakhala pa muzu, zigoba za madzi zili ndandanda patsogolo pake.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "chigoba chimodzi chokha. Si cha ine ayi."

Gologolo anapukuta ndevu. "Mayi, mtima wanga ukusweka, koma awa ndi madzi a ntchito. Ndikakupatsani, mawa mawu andiuma, msonkhano uima. Mukufuna mtundu wonse uthe chifukwa cha mwana mmodzi? Limbani mtima, zokambirana zikuyenda bwino."

Anamwa chigobacho Nswala akuona. Ndikamafika pamenepa, ine wofotokozane, mtima umandiwawa mpaka lero.

Koma panali wina amene makutu ake sanagone. Nkhanga anali mbalame ndithu, kungoti anakulira pansi pamodzi ndi nyama, ndipo Chimbalame anachiiwala, kupatula timawu tochepa tomwe mayi ake ankamukalipira nato. Tsiku lililonse ankamva Dokowe akubwereza mawu awiri, ndipo pamapeto pake anawakumbukira. Limodzi linali "madzi", linalo "pafupi". Akanakhala wanzeru akanathamangira kwa Njati. Koma Nkhanga ndi Nkhanga, kamutu kochepa. Anapita kwa Gologolo yemweyo.

"Iwe, alendowa akumati madzi ali pafupi. Bwanji sukunena?"

"Mwamva molakwa, mlongo wanga. Chidokowe n'chozama."

"Chozama chomwecho, mawa ndikawauza a Njati, akafunse bwino."

"Chitani zimenezo," anatero Gologolo akumwetulira. "Mawa ndikupatsani mpata woyamba."

Kutacha, msonkhano usanatsegulidwe, Dokowe anagogoda mlomo mokwiya. Ankafunsa kuti mwana uja amuikiranji padzuwa. Gologolo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Kalanga ine! A Njati, zaipa. Alendo akwiya. Akuti ayenda maiko ambiri, ndipo kulikonse mlendo amamuphera nkhuku. Kuno kokha ndiye mwawaona ngati agalu. Akuti za madzi anena akalawa msuzi."

"Nkhuku tiitenga kuti m'tchire muno?" anafunsa Njati.

"Inenso ndawauza zomwezo. Akuti yamawangamawanga ndi nkhuku yomwe."

Palibe anatchula dzina. Maso okha ndi amene anatembenuka, amodziamodzi, mpaka onse anatera pa Nkhanga. Iye anabwerera m'mbuyo, nthenga zitaimirira.

"Akunama! A Njati, kanyama aka kakunama! Alendowa akuti madzi ali..."

Sanamalize. Fisi, amene ntchito zotere sadikira kutumidwa kawiri, anali atamugwira kale pakhosi. Nyama zinayang'ana pansi. Zinkadziwa kuti chachitikacho n'choipa, koma ludzu likafika pena limachotsa manyazi. Anamuika Nkhanga pa nsengwa, Nyani n'kukamutula mwaulemu pamaso pa alendo, akuwomba m'manja.

Adokowe anadumphira m'mbuyo, mapiko ali tambasu. "N'chiyani chimenechi?" anakuwa mtsogoleri wawo. "Mbale wathu ameneyu walakwanji?"

Gologolo anaganiza zowaopseza pang'ono kuti aleke kufulumiza zinthu. "Akuti muone. Kuno mbalame yoyankhula nthawi yake isanakwane amaichita chonchi."

Apa ndiye anapyola muyeso. Dokowe sanachite mantha, ananyansidwa. "Basi. Tinaima kuti tithandize, koma awa si anthu. Madzi osatipatsa, chakudya osatipatsa, lero akutiphera mbale pamaso. Mawa kukacha tikupita."

Gologolo anakwera mu mlambe kukasuzumira m'mphako, n'kupeza kuti mwatsala matope okhaokha. Nsengwa za mtedza nazo zinali gwaa. Anaona kuti ng'ombe yake yaleka mkaka, ndipo chatsala n'kudzipulumutsa. Ulendo wa kuphiri unali wautali kwa timiyendo take, makamaka ndi mimba imene anali atakuza. Koma pa msana pa Dokowe, akanakafika asanatuluke ndi thukuta lomwe, n'kukakhala mwini dziwe yekha. Anaseka chamumtima. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

M'mawa anaima pakati pa bwalo, nkhope ili yachisoni.

"Abale anga, alendo anena tsopano. Akuti pansi pano madzi kulibe kulikonse. Koma chifukwa cha nkhuku ija, avomera kunyamula nthumwi imodzi kuti ikapemphe mvula kwa eni mitambo. Ulendo ndi woopsa, koma ndani wina angayankhule kumeneko? Ndadzipereka ine."

Nyama zina zinalira ndi kuthokoza. Njati anamugwira paphewa. "Mwana iwe, mtundu sudzakuiwala."

"Chimodzi chokha," anatero Gologolo, poopa kuti wina angayandikire alendo n'kutulukira bodza. "Mwambo wawo wonyamula nthumwi ndi wachilendo. Chilichonse chimene muone kapena kumva, musayandikire, musalowerere. Inu muzingowomba m'manja basi."

Kenaka anapita kwa Dokowe n'kugwada. "Eni dziko azindikira kulakwa kwawo. Akupepesa kwambiri, ndipo akuti pochoka munditenge ine ndikhale kholotho wanu."

Tsono liwu limeneli ndi limene linamudya. Kwa ampheta, kumene iye analiphunzira, kholotho ndi mnzako woyenda naye pa ulendo. Kwa Adokowe nakonso kholotho ndi woyenda naye pa ulendo, koma woyenda naye ali m'mimba. Ndi kamba, chakudya chimene mwini mudzi amapatsa mlendo potsanzikana.

Dokowe anapendeketsa mutu, n'kumuyang'ana ndi diso limodzi. "Iweyo? Kholotho?"

"Ine ndemwe."

"Wavomera wekha, kapena akukakamiza?"

"Ndi mtima wanga wonse. Ndinachita kupempha."

Dokowe anatembenukira anzake. "Dziko ili sindidzalimvetsa. Koma kupepesa kotere sindinakuonepo, ndipo kukana kungakhale chipongwe." Anamuyang'ananso Gologolo kuyambira kumutu mpaka kumchira. "Ndipo anakukonzadi bwino. Wanona."

"Zikomo, bwana," anatero Gologolo, akusisita mimba monyadira. "Ayambe ndani kunditenga?"

"Mwambo wathu umati wamkulu."

Mlomo wong'aluka uja unatsika ngati mkondo. Unamugwira pachiuno, unamukweza m'mwamba, n'kumumenyetsa pansi kuti phi! Gologolo anakuwa mawu amene sanawatulutsepo chibadwire.

"A Njati! Mayo! Akundipha!"

Nyani anadzuka, koma Njati anamubweza ndi nyanga. "Khala pansi, anatiuza kale. Ndi mwambo wawo. Ombani m'manja!"

Bwalo lonse linawomba, amanja ndi manja, aziboda ndi ziboda. Mlomo unamukwezanso, phi! Apa mutu wa Gologolo unasokonezeka, ziyankhulo zake ziwiri zinasinthana malo. Kwa Adokowe anachonderera m'Chinyama kuti, "Pepani, sindimatanthauza zimenezo!" ndipo iwo sanamve kanthu. Kwa nyama anakuwa m'Chidokowe kuti, "Ndinanama! Madzi ali kuseri kwa phiri! Ndilanditseni!" ndipo nyama zinangoti, "Tamverani mmene akuchiyankhulira bwino," n'kuwonjezera kuwomba. Aka kanali koyamba kuti anene zoona pa msonkhano wonsewo, ndipo panalibe womumasulira. Mchira ndi umene unamalizira kulowa m'kamwa mwa Dokowe.

Kuwomba kunazilala pang'onopang'ono. Nyama zinayang'ana khosi la Dokowe, pamene chotupa chinkatsetsereka kupita kumimba, ndipo zinayamba kukayika ngati kumitambo amadzera njira imeneyo. Mbali ziwirizo zinangoyang'anana.

Dokowe, mtima utatsika chifukwa cha kamba uja, anaganiza zoyesa komaliza. Anapita pa mlambe, anapisa mlomo m'mphako, n'kutulutsa matope. Anawaonetsa kwa Njati. Kenaka analoza phiri, anakweza mutu ngati akumeza madzi, anayenda pang'ono, n'kuima, n'kucheuka. Anayendanso, n'kucheukanso. Ngakhale Fisi, amene nzeru zake zonse zili m'mano, anamva.

Zinanyamuka zonse, Adokowe akuuluka chapansipansi patsogolo. Zinadutsa pa kampata ka pakati pa matanthwe, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo, zinaona dziwe lili nyezinyezi, lozunguliridwa ndi bango lobiriwira. Kunalibe mliri, kunalibe mtembo ndi umodzi womwe. Zinathamangira m'madzi, zikukankhana, zikumwa mpaka kutsamwa. Akale ananena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, koma Gologolo wa kwathuyu anachita kuposa pamenepo.

Nswala anafika pambuyo pa onse, yekha. Mwana wake anali atatsirizika m'mawa womwewo pansi pa kamtengo kaja, pa nthawi imene bwalo linkawomba m'manja. Iye anangotsata fumbi la anzake, osadziwa n'komwe chimene akutsatira.

Njati atakhuta madzi anakumbukira kuti ndi wapampando. Anakwera pa mwala, n'kufunsa ngati alipo wina amene angathokoze alendo m'chiyankhulo chawo. Palibe anadzipereka. Ndipo m'kachetechete ameneyo ndi mmene nyama zinamuonera Nswala ataima m'mphepete mwa dziwe, madzi akumunyambita ziboda, iye osawerama kuti amwe. Ankayang'ana kumbuyo, ku kampata kamene anatulukira.

"Pompano?" anafunsa, osayang'ana aliyense. "Pafupi chonchi? Tsiku lija ndinagwada lija anali akuyendabe. Akanafika yekha ndi miyendo yake."